Ndigule ng'anjo yamagetsi yakale kapena ndimange yankhuni?

Mayi wa Mtapo:

Moni nonse. Ndine woumba, ndimakhala ku Lilongwe kuno, koma luso ndinalitola kwa agogo anga aakazi kwathu ku Dedza, kufupi ndi Linthipe. Mpaka lero ndimawotcha monga ankawotchera iwo: kadzenje kosaya, nkhuni pansi, miphika mozondotsa, pamwamba makungwa, mapesi ndi udzu, kenako moto. Ola limodzi likamakwana zimakhala zapsa. Mbiya, nkhali ndi miphika ya maluwa zimatuluka bwino ndithu, kungoti pa khumi iliyonse iwiri kapena itatu ndimaipeza itang'aluka, makamaka mphepo ya mu Julayi ikamakankhira moto mbali imodzi.

Chandivuta ndi makapu. Mayi wina amene ali ndi malo ogona alendo kunyanja anaona miphika yanga n'kundifunsa ngati ndingamuumbire makapu 60 ndi mbale zake. Ndinaumba atatu ongoonetsa, ndinawakulungiza ndi mwala mpaka kuwala. Atathiramo tiyi, tisanamalize n'komwe kucheza, pansi pa kapu panali patanyowa, nsalu ya patebulo itadetsedwa. Mtsuko ukamachita thukuta timati ndi wabwino chifukwa madzi amazizira, koma kapu ikatero ndi manyazi okhaokha. Mayiyo anangoti, "Asisi, pamafunika glaze apa." Ndipo glaze, mankhwala opaka aja amene amasungunuka pamoto n'kuuma ngati galasi kuti madzi asadutse, sangapse pamoto wa mapesi, izi ndiye ndikuzidziwa.

Tsono mchemwali wanga wandipezera ng'anjo yamagetsi kwa mzungu wina amene akubwerera kwawo. Ndinapita kukaiona Loweruka. Ndi yozungulira ngati mgolo wofupika, yotsegula pamwamba, mkati mwake akuti malita 80. Pakachitsulo ka m'mbali palembedwa 230V, 7kW, 1300°C. Njerwa zoyera zamkati zili ndi timing'alu, waya wina wotuluka mumzera wake akulendewera pang'ono, ndipo pali mashelefu atatu, imodzi itamatirira chinthu chobiriwira ngati botolo losungunuka. Mtengo wake ndi wokwana ndalama zonse zimene ndasunga ku banki mkhonde chaka chino ndi chatha. Akuti ndiyankhe isanathe sabata yamawa.

Bambo a kunyumba akuti ndisiye zimenezo, timange yanjerwa kuseri kwa nyumba. Ine mtima uli pa yamagetsi. Amene munagwirapo zinthuzi, ndithandizeni nzeru ndisanataye ndalama.

Wamawaya:

Amayi, ine za dothi sindizidziwa, ntchito yanga ndi magetsi, ndiye ndilankhula mbali yanga yokha.

7kW pa 230V ndi ma amp pafupifupi 30. Soketi ya m'nyumba yamano atatu ija imathera pa 13, ndiye kuti sinyamula choposa 3kW. Mukangoilumikiza pamenepo, fyuzi ikapanda kupsa ndiye kuti pulagi isungunuka, ndipo ndaonapo nyumba zingapo zitada khoma chifukwa cha nzeru zotere. Ng'anjo imeneyo ikufunika waya wakewake wochokera pa bolodi, wa 6mm², ndi breaker yakeyake, monga timachitira ndi kuka. Ngati shedi yanu ili patali ndi nyumba, waya ayenera kukulirapo, apo ayi mphamvu imathera m'njira ndipo ng'anjo imakanika kufika pamoto womwe mukufuna. Mtengo wa waya ameneyu muuwerengere limodzi ndi mtengo wa ng'anjo, chifukwa si wamasewera. Chabwino n'chakuti ndi ya single phase, magetsi wamba a m'nyumba. Ikanakhala ya three phase ndikanati muiwale pompano, pokhapokha mutakhala pafupi ndi chigayo.

Mukabwererako mupite ndi munthu wa multimeter, kachipangizo koyezera magetsi. Ayeze waya aliyense wotenthetsa payekha, ng'anjo itazimitsidwa. Mawaya amenewa amakalamba: akamagwira ntchito amaonda, ma ohm (muyeso wa mmene waya akukanira magetsi) amakwera, kutentha kumachepa. Akakwera ndi gawo limodzi mwa magawo 10 poyerekeza ndi mmene analili atsopano, ndiye kuti atopa, mugula ena posachedwa. Njira ina yachidule: dulani timapepala ting'onoting'ono, ikani kamodzi pa waya aliyense, muyatse kamphindi n'kuzimitsa. Kamene sikanawauke, waya wake ndi wakufa. Wolendewera uja musamukankhe ndi chala ali wozizira, amathyoka ngati kamtengo kouma. Timayamba tamutenthetsa kenako n'kumubwezera ndi pulayasi.

Muyang'anenso kachitsulo kotuluka mkati kamene kamayeza kutentha, thermocouple. Nsonga yake ikakhala yodyeka, imanama, ndipo ikanama mbale zanu ndi zimene zimalipira. Mupemphenso kuti aiyatse inu muli pomwepo, muone manambala akukwera pa controller, kabokosi koyendetsa kutentha, ndi kumva relay, switch yodziyatsa yokha, ikuti "tha, tha". Mwini wake akayamba kuzengereza pamenepa, nyamukani.

Za mayunitsi: ikanayaka mosalekeza maola 9 ikanadya 63, koma imayaka n'kumapumira, ndiye muyembekezere ochepera pamenepo. Komabe muziyamba mutagula okwanira. Mita kutha ng'anjo ili pakati pa ntchito ndi chinthu chopweteka mtima.

Gogo Nkhulungo:

Mwana wanga, a Wamawaya anena zoona zonse, koma funso loyamba sanakufunse: dongo lako umatapa kuti?

Ndikufunsa chifukwa ine ndinapsa nazo. Zaka zapitazo ndinapempha malo mu ng'anjo ya mnzanga, ndinaikamo timbale 12 ta dongo lofiira la kudambo kwathu, lomwe lija ndaumbira miphika moyo wanga wonse. Iye ankawotcha zake pa madigiri 1,250. Titatsegula mawa lake, timbale tanga tinali titasanduka zinthu zakuda zotupa ngati mandasi opserera, tina titayenderera n'kumatirira pa shelefu. Ndinalipira shelefu ya mwini. Chobiriwira chimene waona chija ndi nkhani yomweyo, kungoti kumeneko anayenderera ndi glaze.

Moto wathu wa padzenje umafika madigiri 700 kapena 800, ukakwiya 900. Dongo lofiira, chifukwa cha chitsulo chimene chilimo, limapsa bwino cha pa 1,000 mpaka 1,100, ukapitirira pamenepo limayamba kugonja. Loyera la kwanu ku Linthipe ndi limene limapirira moto waukulu, n'chifukwa chake mbale zolimba za ku Dedza Pottery zimatchuka, ukaigogoda imalira ngati belu. Koma nalonso silingotapidwa n'kuumbidwa, limafuna kusefa ndi kusakaniza. Ndiye nambala ya 1300 yolembedwa pa ng'anjoyo isakutenge mtima. Mwina sudzaifikako n'komwe, ndipo ukamawotchera pa 1,050 mawaya aja adzakhalitsa kuposa a munthu wokankha mpaka pamwamba tsiku lililonse.

Ine yanga ndi yankhuni, ndinamanga ndekha ndi adzukulu. Njerwa wamba zowotcha, zomangira dothi losakaniza ndi mchenga, osati simenti, simenti imaphulika ndi moto. Pansi pali makomo awiri osonkhezera, pamwamba pake chitsulo ayi koma njerwa zotalikirana kuti malawi azidutsa, kenako chipinda cha miphika, pamwamba ndimafunditsa mapale. Ndi mtundu womwewo umene magulu a amayi oumba mbaula za Chitetezo amagwiritsa ntchito. Chiimangireni, kung'aluka kwa miphika kunachepa kwambiri chifukwa moto umakwera pang'onopang'ono, mphepo siifika, ndiponso nkhuni zimalowa zochepa poyerekeza ndi padzenje. Ndimathandizira ndi zitsononkho ndi utuchi wa kwa akalipentala. Pa miphika yako ya maluwa, amuna ako akunena zoona: manga yotere, yamagetsi ya malita 80 ingalowe miphika ingati? Itatu ikuluikulu yadzaza.

Pa makapu a glaze ndiye sindikunamiza, yankhuni yanga siingakuthandize msanga. Phulusa limagwera pa glaze, mbali ina imapsa kuposa inzake, ndipo kuti ufike 1,050 mofanana pamafunika chumuni chabwino ndi usiku wathunthu uli maso. Zimatheka, koma makapu 60 ofanana mtundu, a munthu amene akudikira, ayi.

Chinanso. Wina akadzakuuza kuti glaze wotchipa amapangidwa ndi zam'kati mwa batire yakale ya galimoto, umuthawe. Ndi mtovu umenewo. Umawala bwino, umasungunuka pamoto wochepa, koma umalowa mu tiyi ndi mu chakudya chowawasa, ndipo umawononga ubongo wa ana. Ugule wolembedwa kuti alibe mtovu.

Chimwemwe cha Dothi:

Ine ndingofunsako, nanga magetsi akathima ng'anjo ili pa 900? Kwathu kuno sabata yatha anapita katatu, tsiku lina kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Si ndiye kuti zonse zawonongeka?

Wa ku Joni:

Achimwene a Chimwemwe, sizimawonongeka nthawi zonse. Ndakhala zaka 6 ndikugwira ntchito mu situdiyo ya zoumba ku Johannesburg, ndipo nthawi ya load shedding, pomwe ankathimitsa magetsi mosinthana madera, tinaziona zimenezi mpaka kuzolowera. Lamulo ndi limodzi: osatsegula chivundikiro. Ng'anjo yotseka imazizira pang'onopang'ono, katundu samva kanthu. Magetsi akabwera mumayatsanso n'kupitiriza. Chimene mwataya ndi mayunitsi ndi tulo. Pamene pamavuta ndi pomwe glaze wayamba kusungunuka kenako moto n'kuduka, nthawi zina amatuluka ndi timabowo kapena mtundu wosiyana. Ife tinkayang'ana ndandanda ya kuthima kwa magetsi n'kuyatsa usiku. Za jenereta kapena sola pa 7kW musaziganizire, mtengo wake uposa wa ng'anjo.

Asisi a Mtapo, mwayi umene muli nawo ndi wakuti ng'anjoyo ili kale ku Lilongwe. Ndinathandizapo munthu wina kutumiza yotere kuchokera kuno, pa lole yodzera ku Zimbabwe ndi ku Tete mpaka ku Mwanza. Njerwa zoyera zija n'zopepuka ngati buledi wouma, mungazikande ndi chikhadabo, ndipo mabampu a m'njira anafikitsa chivundikiro chitagawika pawiri. Kuwonjezera apo ndalama ya lole ndi msonkho wa pachipata. Ndiye timing'alu tating'ono tisakuopseni, ng'anjo iliyonse yogwirapo ntchito ili nato, timatsekeka tokha ikatentha. Choopsa ndi njerwa yogumuka pamene pamakhala waya, kapena pansi pobooka chifukwa cha glaze amene anadontha n'kudya njerwa. Chotsani shelefu ya pansi muone ndi tochi. Ponyamula, muyale matiresi m'galimoto, mashelefu muwatulutse, ndipo woyendetsa asathamange.

Mufunse dzina la kampani imene inaipanga. Mawaya otenthetsa amapangidwa ndi waya wa Kanthal, ndipo kuno alipo anthu amene amapota atsopano ukawapatsa muyeso, ndi opepuka moti wobwera pa basi akhoza kukutengerani m'chikwama. Koma controller ikafa ndipo ndi yamtundu wosadziwika, mudzavutika. Mufunsenso ngati ali ndi ma cone otsala, tizipilala tating'ono timene timapindika moto ukakwana. Cone 06 amagwa cha pa 1,000, cone 6 cha pa 1,220. Muone bwino ziro ameneyo, anthu ambiri asungunula katundu chifukwa chosamuwerenga. Tima cone timeneti sitinama ngakhale thermocouple itanama.

Muiike pa simenti, motalikira khoma masentimita 45 mbali zonse, pamalo podutsa mphepo. Utsi wake suoneka kwambiri koma si wopuma, musaiike m'khitchini kapena pafupi ndi chipinda cha ana. Ndipo kapu iliyonse imalowa kawiri: koyamba yopanda glaze, kachiwiri mutaipaka. Poyamba paja musafulumire mpaka mutadutsa 600, chifukwa madzi obisala m'dothi amakhala akutuluka, ndiponso pa 573 mchenga wa m'dothi umafufuma mwadzidzidzi. Pozizira chimodzimodzi. Ndiye powerengera mtengo wa kapu, mayunitsi muwawerenge kawiri.

Mayi wa Mtapo:

Zikomo nonse, mwanditsegula m'maso. Dzulo ndinabwererako ndi mlamu wanga amene amakonza mafiriji, ali ndi multimeter yake. Tinachita za timapepala zija, a Wamawaya: tinayi tinawauka, kamodzi, ka pa waya wolendewera uja, kanatuluka koyera mmene tinakaikira. Mwini wake sanatsutse, anati n'chifukwa chake masiku omaliza inkachedwa kufika. Pansi ndi pabwino, tinayang'ana ndi tochi ya foni. Watsitsako mtengo, ndipo wandiwonjezera kabokosi ka ma cone, ndowa ziwiri za glaze woyera zolembedwa kuti alibe mtovu, ndi timiyendo tokhazikira mashelefu.

Agogo, funso lanu landigoneka mochedwa. Dongo langa ndi lofiira, ndimatapa kudambo la kuseri kwa sukulu. Ndiye ndapempha chinthu chimodzi ndisanapereke ndalama: ndaumba timatailosi 10 tating'ono, tisanu ta dongo langa lokha, tisanu tosakaniza ndi loyera limene mayi anga ananditumizira kuchokera kumudzi. Tikauma, mzunguyo wavomera kuti tiwotchere limodzi kwake pa 1,050, pa shelefu yowonongeka kale ija, ine ndili pomwepo ndi kope langa. Ndi mawaya anayi okha mwina ichedwa, koma akuti ifika. Tikapsa bwino n'kugwira glaze osang'aluka, ndigula. Mayi wa kunyanja ndamuuza kuti makapu ake adikire mpaka mvula itayamba.

Bambo a kunyumba nawo sanagonje, ayamba kale kuunjika njerwa kuseri. Ndawasiya, miphika ya maluwa ikufunikadi nyumba yake. Agogo, makomo osonkhezera aja mulifupi mwake munapanga njerwa zingati? Ndipo a Wamawaya, kuchokera pa bolodi kufika pa shedi tayeza mamita 22. Wa 6mm² uja akwana?

Wamawaya:

Pa mamita 22 akwana, koma ali m'malire. Ngati madzulo mababu kwanuko amachita kufiira, gulani wa 10mm² kamodzi n'kamodzi, mudzandithokoza. Adutse mu paipi pansi pa nthaka, ndipo pafupi ndi ng'anjo paikidwe switch yoti mukhoza kuifikira osadutsa pamwamba pa chivundikiro chotentha. Waya wa earth asaiwalike, thupi la ng'anjoyo ndi chitsulo.