Golf 5 GTI yotchunidwa ku Joni ikudula moto ikatsikira ku Chikwawa

Makaniko wa ku Limbe:
Akuluakulu, ndigawireni nzeru. Ndili ndi Golf 5 GTI ya 2007 pagalaja, injini ya BWA, giya yamanja. Mwini wake anaigula ku Joni ili yotchunidwa kale, akuti stage 1, kutanthauza kuti anangosintha pulogalamu ya kompyuta ya injini kuti mphamvu ichuluke. Amagwira ntchito ku Nchalo, ndiye galimotoyi imakhalitsa kuchigwa. Akaponda moto mpaka pansi pa giya ya 3 kapena ya 4, ikangofika cha m'ma 3,000 rpm imadula moto ngati wina wazimitsa kiyi, nyali ya EPC n'kuyaka. Muno mu Blantyre imachita patalipatali, koma kumunsiko ndi pa chitunda cha Thabwa ndi tsiku lililonse. Kumene anayamba kupita anamusinthira makoyilo onse anayi ndi mapulagi, palibe chasintha. Khodi yomwe ndapeza ndi P0087. Iye akuumirira kuti fayilo ya ku Joni, pulogalamu yotchunira ija, ndiyo yaonongeka, ndimuikire ina. Dzanja langa likukana kukhudza ECU, kompyuta ya injiniyo, ndisanamvetse.

Mnyamata wa pa Biwi:
Achimwene, ndili ndi mafayilo a MED9.1, mtundu wa ECU ya galimotoyi, ambirimbiri pa laputopu, stage 1 ndi stage 2. Tiike ina tione. Kapena tingoitseka khodiyo mu fayilo kuti isamalowe limp, pomwe ECU imachepetsa dala mphamvu ya injini.

Madala a ku Germiston:
Mwana wanga wa pa Biwi, khodi imeneyo usaitseke. P0087 ikutanthauza kuti pulesha ya mafuta mu rail, paipi yogawira mafuta ku mainjekita, yatsika kuposa yomwe kompyuta yapempha. Kudula motoko ndi ECU ikuteteza injini. Ukaitseka pakamwa, injini idzayenda ndi mafuta ochepa turbo ili pa boost (pulesha ya mpweya womwe imakankhira mu injini) yonse, ndipo chotsatira ndi pisitoni yosungunuka. Achimwene a ku Limbe, mwachita bwino kudikira. Muli ndi VCDS, pulogalamu ya pa laputopu yowerengera kompyuta za VW? Tengani munthu akugwirireni laputopu, muponde pa giya ya 3 kuchokera 2,000 mpaka 6,000 rpm, mujambule gulu 230 la pulesha ya rail, 115 la boost, ndi 020 loonetsa mmene ECU ikubwezera timing (nthawi yomwe pulagi imayatsa moto) pa silinda iliyonse. Mukajambule kuchigwa komwe imavutako, osati mu Limbe.

Wa matakisi ku Chipata:
Ine ndikuti ndi ethanol wanu wa ku Malawiyo. Galimoto zotchunidwa sizigwirizana naye, amachepetsa mphamvu ya petulo.

Mayi wa zamagetsi ku Kawale:
Bambo a ku Chipata, pamenepo tisiyanitse zinthu ziwiri. Ethanol satsitsa octane (kupirira kwa petulo kuti asaphulike nthawi isanakwane), amaikweza, n'chifukwa chake anthu amipikisano amamufunafuna. Chomwe amachita n'chakuti injini imafuna mafuta ochuluka pa mpweya womwewo. Petulo weniweni amapsa bwino pa magawo 14.7 a mpweya ku gawo limodzi la mafuta, pomwe ethanol ndi cha pa 9 ku 1. Akasakanizidwa 10 peresenti, mainjekita ayenera kuthira mafuta oonjezera pafupifupi 4 peresenti. Akafika 20 peresenti, ndi cha m'ma 8. Kuno takhala tikusakaniza kuyambira 1982 pomwe fakitale ya ku Dwangwa inatsegulidwa, ndipo galimoto zosatchunidwa zimangodzikonza zokha kudzera mu sensa ya lambda yoyeza utsi, mwini wake osadziwa n'komwe. Koma yotchunidwa, imene pampu yake ili kale kumapeto kwa mphamvu zake, 8 peresenti imeneyo ndi yaikulu. Achimwene a ku Limbe, yezani mafuta ali m'thankimo. Thirani madzi 10 ml m'botolo la mizere, onjezerani petulo 90 ml, khutchumulani, lisiyeni likhazikike. Ethanol amathawira m'madzi, ndiye mzere wa madzi umakwera.

Makaniko wa ku Limbe:
Zikomo madala, zikomo mayi. Dzulo masana tinatsika mpaka kuwoloka mlatho wa Kamuzu, kunja kukutentha koopsa. Zotsatira ndi izi. Pulesha yopemphedwa 110 bar, koma yeniyeni ikugwa kufika 68 bar pa 3,200 rpm, pompo n'kudula. Boost ikutsatira bwinobwino yomwe yapemphedwa, palibe kudontha. Timing ikubwezedwa madigiri 2 mpaka 3 basi. Za m'botolo zija, mzere wa madzi wachoka pa 10 kufika pa 23.

Madala a ku Germiston:
Eya, tsopano tikuona poyambira. Timing imeneyo si yodetsa nkhawa, ndiye petuloyo octane yake ikukwana. Turbo ilinso bwino. Nkhani ndi mafuta kusakwana basi.

Ndifotokoze chifukwa chake kuno ku Joni inkayenda bwino. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, mpweya wake ndi wopepuka, cha m'ma 830 mbar. Turbo ya K03 ndi yaing'ono, kuno imavutika kudzaza zomwe fayilo ikufuna, ndipo ECU imaichepetserako kuti isazungulire mopyola muyezo. Blantyre ili cha pa mamita 1,000. Chikwawa ndi Nchalo ndi pansi penipeni, pafupifupi ngati kunyanja yamchere, mpweya cha m'ma 1,000 mbar. Kumeneko turbo imadzaza zonse, mofulumiranso, pa ma rpm otsika. Mpweya ukachuluka, mafuta ofunika amachulukanso. Tsono pampu ya pulesha yaikulu pa injini ya EA113, banja lomwe BWA ilimo, imakankhidwa ndi kamshafiti ya intake, yomwe kumapeto kwake kuli tizitunda titatu. Injini ikamazungulira pang'ono, pampu imapopanso pang'ono. Pa 3,000 rpm m'pamene fayilo imafuna torque yochuluka, m'pamenenso pampu isanafike pachimake. Anzathu ambiri kuno amatchuna pa dyno (makina oyezera mphamvu ya galimoto) ya ku Gauteng, galimoto ikatsikira ku Durban n'kuyamba zomwezi.

Komabe kugwa mpaka 68 n'kwakukulu, mtunda ndi ethanol paokha sangafikitse pamenepo. Chotsani pampuyo muone cam follower, kachikho kokhala pakati pa kamshafiti ndi pisitoni ya pampu. Injini izizire kaye, chotsani waya wa batire chifukwa mukangotsegula chitseko cha dalaivala pampu ya m'thanki imayamba kupopa. Kulungani nsalu pa paipi pomasula, mabauti atatu a T30, pampu ituluka. Kachikho kachitsuloko kakhala m'dzenjemo, kakokeni ndi chala.

Makaniko wa ku Limbe:
Ndakachotsa. Utoto wakuda wa pamwamba uja unatha wonse, kakungonyezimira, pakati panalowa m'kati moti chikhadabo chikukodwa ukamadutsitsa. Ukakayang'anitsa padzuwa pali kamng'alu kochokera pa kabowo ka oyilo. Sikanabooke. Ndaunika ndi tochi m'dzenjemo uku mnyamata akuzungulitsa injini ndi sipanala: tizitunda tonse titatu n'tosalala, palibe mizere. Nsonga ya pisitoni ya pampu ilinso bwino.

Madala a ku Germiston:
Mwini galimotoyo athokoze Mulungu. Kakabooka kameneko, pisitoni ya pampu imayamba kudya kamshafiti, zitsulo n'kugwera mu oyilo, ndipo ntchito imasanduka ya kamshafiti, pampu, ndi kutsitsa sampu kukatsuka sefa ya pampu ya oyilo. Gulani koyambirira kwenikweni, osati kotchipa, mukapake oyilo poika. Oyilonso musinthe, muike wa muyezo wa VW 502 00.

Makaniko wa ku Limbe:
Kafika Lachitatu pa basi ya ku Joni, ndaika. Zasinthako koma sizinathe. Pa Thabwa pulesha ikugwabe mpaka 84 bar, ndipo yadula kamodzi.

Mnyamata wa pa Biwi:
Ndiye si fayiloyo madala? Zitsulo tasintha.

Mayi wa zamagetsi ku Kawale:
Tisanafike kumeneko, pampu yaikulu singapope zomwe sizinaifike. Mwaona mbali ya pulesha yaing'ono? Jambulani gulu 231 muone mmene pampu ya m'thanki ikulimbikira. Ndipo lowani pansi, kutsogolo kwa tayala lakumbuyo la kumanja, muwerenge zolembedwa pa fyuluta ya mafuta. Fyuluta za Golf 5 zimafanana maonekedwe, koma m'kati mwake muli valavu yosunga pulesha ndipo zimasiyana. Ya GTI imalembedwa 6.4 kapena 6.6 bar. Ilipo ina ya 4 bar ya injini zopanda direct injection (kuthira mafuta molunjika mu silinda), imalowa bwinobwino pamalo omwewo, ndipo m'mashopu ambiri ukangoti "fyuluta ya Golf 5" amakupatsa imeneyo. Mufunseninso mwini wakeyo ngati nthawi ya kusowa kwa mafuta ankathira za m'zigubu. Zinyalala za mmenemo ndaziona zitatseka fyuluta yatsopano m'mwezi umodzi.

Makaniko wa ku Limbe:
Mayi, mwalasa. Ndapukuta matope pa fyulutayo, palembedwa 4 bar. Mwini wake akuti inasinthidwa pa sevisi atangofika nayo kuno, ndipo wavomera kuti za m'zigubu anathirapo kangapo. Nditaitembenuza m'mbale mwatuluka petulo wofiirira ndi timchenga pansi. Pampu ya m'thanki inali ikugwira cha m'ma 90 peresenti poponda moto. Ndaika ya 6.6 bar, tsopano yatsikira m'ma 60. Mu Blantyre pulesha ikugwira 110 osagwedezeka. Kuchigwa sikudulanso, koma pakati pa 2,800 ndi 3,400 rpm ikutsikabe kufika 97 kenako n'kubwerera.

Wa matakisi ku Chipata:
Ngati sikudula, mpatseni munthu galimoto yake azipita.

Mnyamata wa pa Biwi:
Kapena aike pisitoni yaikulu mu pampumo, zija zogulitsa za upgrade. Pulesha ikhala mpaka 130, n'kupita stage 2 kamodzin'kamodzi.

Madala a ku Germiston:
Onse awiri sindikugwirizana nanu. Kusiyana kwa 13 bar lero, follower ndi fyuluta zili zatsopano, kudzakula zikayamba kutha, kapena akadzathira mafuta a ethanol wochuluka kuposa a lerowa. Pisitoni yaikulu imagwiradi ntchito, ndaziikapo zambiri, koma imakanikiza follower kwambiri ndipo imafuna munthu woti azitsegula pafupipafupi. Kwa munthu wokhala ku Nchalo, zipangizo zochita kuitanitsa kuno, sindingamulangize zimenezo.

Apa m'pamene fayilo iyenera kukhudzidwa, koma pang'ono. Osaika ya pa intaneti yomwe simudziwa anailembera galimoto iti, mafuta ati. Werengani yomwe ili mu ECU, muisunge pawiri, munditumizire pamodzi ndi zomwe mwajambula kuchigwa. Nditsitsa load yopemphedwa, kuchuluka kwa mpweya womwe fayilo ikufuna mu silinda, pakati pa 2,500 ndi 3,500 rpm kuti boost izikwera mosathamanga, pa ma rpm apamwamba sindikhudzapo. Ataya torque pang'ono pakatipo, koma idzakhalabe pamwamba pa 280 Nm ndi 147 kW za kufakitale. Polemba fayilo, batire ikhale pa chaja yokhazikika ndipo laputopu ikhale yodzaza. Magetsi akathima muli pakati, ECU ikhoza kufa ndipo mungafunike kuitsegula pa benchi.

Mayi wa zamagetsi ku Kawale:
Chajayo muilumikize ku inveta kapena jenereta, achimwene, osadalira za pakhoma. Fani ya radiyeta nthawi zina imadzuka polemba ndipo imakoka moto wambiri.

Makaniko wa ku Limbe:
Fayilo ya madala ndalemba Loweruka m'mawa, pa inveta monga mwanenera mayi. Masana tinatsika ndi mwini wake, iye pa chiwongolero ine ndi laputopu. Taponda kuchokera pa mlatho kulowera ku Nchalo, tabwerera, takwera Thabwa pa giya ya 3 ndi ya 4. Pulesha yotsikitsitsa ndi 107 pa 110, timing sikupyola madigiri 3, khodi palibe. Poyamba anadandaula kuti kukankha kwa pamsana kuja kwachepa, koma ataona mizere iwiri ya gulu 230 ikuyendera limodzi anakhutira. Ndamulembera pa khadi kuti follower tizitsegula pa sevisi yachiwiri iliyonse, ndipo fyuluta azigula pamaso panga. Madala, nditumizireni ku inbox mtengo wa ntchito yanu ndi njira yotumizira ndalama.

Madala a ku Germiston:
Ndatumiza. Mwezi wa October kukatentha kwenikweni mudzajambulenso 020 pamodzi ndi kutentha kwa mpweya wa intake pa Thabwa pomwepo. Ngati timing idzapyola madigiri 6, tidzayamba ndi kutsuka intercooler, choziziritsira mpweya wa turbo, tisanakhudzenso fayilo.