Kuthenera chamba cha chiphaso: tidule liti, ndipo kodi n'zoona kuti mbewuyi imawononga chilengedwe?

Mlimi_wa_Kasiya

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Gulu lathu lili ndi chiphaso cha Cannabis Regulatory Authority cholima chamba cha mankhwala, mbewu yochokera kunja ya CBD (mankhwala osaledzeretsa opezeka m'chamba). Ina ili mu greenhouse, ina pabwalo. Yatha milungu isanu, ili ndi mfundo zisanu, ina zisanu ndi imodzi. Kodi nsonga tidule tsopano kapena tidikire? Masamba tichotse ochuluka bwanji? Ena mwa ife akuti tizithenera ngati fodya basi.

Funso lachiwiri: anthu oyandikana nafe akuti chamba chimagugitsa nthaka ndi kuumitsa mitsinje. Zoona zake n'zotani? Tikufuna tikawayankhe zomveka pamsonkhano wa kwa amfumu.

Mlangizi_Wakale

Achimwene, musathenere ngati fodya. Pa fodya timadula duwa ndi kuchotsa mphukira zonse kuti chakudya chipite kumasamba, chifukwa tsamba ndiye ndalama. Pa chamba cha mankhwala ndalama ili pa duwa la mtengo waukazi, choncho mphukira zomwe mlimi wa fodya amataya ndi zomwe inu mukuzifuna. Mukadula nsonga, mumachotsa chimene chimaletsa nthambi za m'mbali kukula, ndipo m'malo mwa mutu umodzi waukulu mumapeza mitu ingapo yofanana msinkhu.

Mfundo zisanu kapena zisanu ndi imodzi ndi nthawi yabwino. Werengani mfundo kuyambira pansi, osawerengera timasamba tiwiri toyamba tozungulira tija. Dulani pamwamba pa mfundo yachinayi, musiye kachitsa ka sentimita imodzi kuti thunthu lisang'ambike pakati nthambi ziwirizo zikadzalemera. Dulani m'mawa mame atauma, osati kukugwa mvula, pakuti bala lonyowa ndi khomo la chuku. Mtengo wofota, wa masamba achikasu kapena wongookedwa kumene muusiye kaye mpaka utsitsimuke. Ukadulidwa umaima pafupifupi sabata. Ngati mukufuna kudulanso kuti nthambi zikhale zinayi, dikirani masiku 10 mpaka 14, nthambi iliyonse itatulutsa mfundo zitatu. Kawiri n'kokwanira. Kupitirira apo mupeza timaluwa tambirimbiri topepuka.

Koma chisanachitike chilichonse, yang'anani ngati mbewuyo sinayambe kale maluwa. Chamba chimayamba maluwa usiku ukatalika kufika pafupifupi maola 12. Kuno ku chigawo chapakati tsiku lalitali kwambiri, mu Disembala, limangokwana pafupifupi maola 13, ndipo mu Juni limatsika kufika maola 11 ndi mphindi zochepa. Mbewu zambiri za ku Ulaya ndi ku America zinazolowera masiku a maola 15 kapena 16, ndiye zikafika kuno zimayamba maluwa zikadali zofika m'mawondo. Mukaona tiubweya toyera tiwiritiwiri tawirikiza pansonga, nthawi yodula mutu yapita. Kudula pamenepo n'kutaya duwa lalikulu lomwe silidzabweranso. Njira yake ndi kuyatsa mababu ang'onoang'ono a LED, a mawati 9 mpaka 12, kwa ola limodzi kapena awiri pakati pa usiku, kuti mtengo usamve usiku wautali mpaka utafika msinkhu womwe mukufuna. Ngati mbewu yanu ndi ya autoflower, yomwe imayamba maluwa yokha pa milungu itatu kapena inayi posatengera kuwala, musaidule mutu n'komwe. Ilibe nthawi yochira. Ingopindani thunthu pang'onopang'ono likadali lanthete n'kulimangirira pachikhomo ndi luzi.

Sabata imodzi musanazimitse mababu, yeretsani kunsi. Gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo, kuyambira pansi, lichotsedwe tinthambi tonse tofooka ndi masamba okhudza dothi. Kumeneko dzuwa silifika, timaluwa take sitigulitsika, ndipo akangaude ofiira ndi nsabwe zimayambira komweko. Maluwa akayamba, mtengo umatalika mofulumira kwa milungu iwiri kapena itatu, mwina kuwirikiza msinkhu wake. Kumapeto kwa sabata yachitatu chotsani masamba akuluakulu ochepa omwe aphimba maluwa kapena athithikana pakati, kenako sizasi isungidwe.

Amuna azulidwe asanatsegule timatumba ta mungu. Mungu umauluka ndi mphepo makilomita angapo, ndipo duwa lodzaza njere wogula salifuna.

Mayi_Zambewu

Ndikugwirizana ndi a Mlangizi, koma pa masamba ndionjezere chifukwa ndi pomwe ambiri amalakwitsa ataonera makanema a pa YouTube. Anthu aja amavula mtengo masamba pafupifupi onse chifukwa akulima m'chipinda momwe kuwala kumachokera kumwamba kokha. Pabwalo dzuwa limayenda, limalowa m'mbali m'mawa ndi madzulo. Tsamba lililonse lathanzi likupanga chakudya, ndipo kumapeto mtengo umatapa nayitrojeni m'masamba akale kupititsa kumaluwa. Musachotse oposa limodzi pa masamba asanu alionse tsiku limodzi. Mtengo wovulidwa kwambiri umaima kukula, umapsa ndi dzuwa la mu Okutobala, ndipo nthawi zina waukazi umatulutsa timaluwa tachimuna chifukwa cha kuvutika. Tikatero munda wonse umabereka njere ngakhale munazula amuna onse. Magetsi othimathima amachitanso zomwezo: mababu akazima masiku angapo otsatizana kenako n'kuyakanso, mtengo umayamba maluwa n'kubwereranso. Mababu ausiku aikidwe pa sola ndi batire yakeyake.

Chimene ndikufuna mugwiritsitse ndi ukhondo wa zida. Pali nthenda yotchedwa hop latent viroid, yomwe inatsimikizika pa chamba ku California mu 2019 ndipo yafala m'maiko ambiri kudzera mu zodula zobzala. Mtengo wodwala umapinimbira, nthambi zimathyoka msanga, maluwa amachepa utomoni, koma nthawi zambiri suonetsa chizindikiro mpaka mochedwa. Imayenda ndi madzi a mtengo omwe amatsalira pa sizasi ndi m'manja. Spirit siipha. Sungunulani Jik gawo limodzi m'madzi magawo asanu, muviike sizasi kwa mphindi imodzi musanapite pa mtengo wina, kenako muitsukuluze kuti isachite dzimbiri. Munthu aliyense akhale ndi masizasi awiri, ina ikugwira ntchito ina ili m'chitini. Kubudula ndi zikhadabo, momwe tinazolowerera pa tomato, kulekeke.

Apa ndi pomwe funso lanu loyamba likukumana ndi lachiwiri. Nthenda yoopsa kwambiri pa maluwa ndi chuku chotuwa, Botrytis, chomwe chimaola duwa kuyambira m'kati. Chimakonda chinyezi chokwera ndi mpweya wosayenda, ndiye mu Febuluwale ndi Malichi duwa lalikulu lothina lili pangozi. Mtengo wotheneredwa bwino, wotalikirana mita 1.2 mpaka 1.5 ndi unzake, umauma msanga mvula ikakata, ndipo mitu ingapo yapakatikati siola ngati mutu umodzi waukulu. Mlimi amene sanathenere amathamangira kupopera. Koma chamba cha mankhwala chimayezedwa ku labotale, ndipo otsalira a mankhwala a thonje kapena a fodya akapezeka katundu yense amakanidwa. Komanso mankhwalawo amathera mu mtsinje ndi pa njuchi. Duwa loola mulidule pamodzi ndi masentimita asanu a nthambi yabwino, muliike m'thumba pomwepo osaligwedeza, mukalikwirire kutali. Zothenera zathanzi zipite ku kompositi mkati mwa mpanda, ndipo muzilemba kulemera kwake m'kaundula, popeza mbewuyi ndi yolondolozedwa ndi boma.

Ngati ena m'gulu lanu adzalime chamba cha ulusi, chimenecho sichitheneredwa. Chimafesedwa mothinana dala kuti chikule chowongoka chopanda nthambi.

Zachilengedwe_LL

Bambo a ku Kasiya, kwa amfumu musakanene kuti mbewuyi ilibe vuto, chifukwa akakufunsani za madzi mukasowa chonena. Mtengo pawokha si woipa kuposa chimanga kapena fodya. Chimene chimawononga ndi malo omwe walimidwa, madzi omwe watungidwa ndi magetsi omwe wawotchedwa.

Ndiyambe ndi magetsi, pakuti ndiye chachikulu padziko lonse. Mu 2012 wofufuza Evan Mills anawerengera kuti kulima chamba m'nyumba kunkadya pafupifupi 1 peresenti ya magetsi onse a ku America. Mu 2021 akatswiri a ku Colorado State University anapeza kuti kilogalamu imodzi ya duwa louma lolimidwa m'nyumba imatulutsa mpweya wotenthetsa dziko wolemera pakati pa makilogalamu 2,283 ndi 5,184, malinga ndi dera. Chifukwa chake n'chosavuta kuona. Babu limodzi la mawati 1,000 limaunikira malo ongopitirira pang'ono mita imodzi mbali zonse, ndipo likayaka maola 12 ladya mayunitsi 12 tsiku limodzi. Kutentha kwa mababuwo kumafuna makina oziziritsa, ndipo chinyezi chotuluka m'masamba chimafuna makina ena ochiumitsa. Kwa ife, wobwera ndi pulani ya chinyumba chotseka chodzaza mababu ayenera kufunsidwa mafunso olimba. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tinaona mu 2022 mmene dziko linakhalira namondwe Ana atawononga Kapichira. Magetsi akazima nyumba yotereyi imayendera jenereta, ndipo lita iliyonse ya dizilo imatulutsa pafupifupi makilogalamu 2.7 a mpweya woipa. Dzuwa tili nalo laulere. Greenhouse yotsegula m'mbali ndi timababu tausiku ta sola tomwe a Mlangizi atchula ndi zokwanira.

Za madzi, anansi anu sakunama kotheratu. Kafukufuku wa nthambi ya boma la California yoona za nsomba ndi nyama zakutchire, wa mu 2015, anagwiritsa ntchito chiwerengero cha malita 22.7 pa mtengo patsiku, ndipo anaonetsa kuti m'timitsinje tina ta kumpoto kwa California madzi ofunidwa ndi minda ya chamba ankatha kuposa madzi oyenda mu mtsinjemo nthawi yachilimwe. Chiwerengerocho n'cha mitengo ikuluikulu m'miyezi yotentha, yanu ingamwe ochepera, koma chigwiritseni ntchito popanga pulani: mitengo 1,000 ndi malita 22,700 patsiku. Mukamapopa amenewo pa kamtsinje mu Seputembala ndi Okutobala, amayi a kumunsi ndi madimba awo amva ndithu. Kololani madzi a mvula ochokera padenga la greenhouse m'thanki kapena m'damu, thirirani ndi drip m'mawa, phimbirani nthaka ndi mapesi kapena udzu, ndipo tengani chilolezo cha National Water Resources Authority musanaike pampu pa mtsinje kapena kukumba mjigo wa ulimi. Ngati munda ndi waukulu, a MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, ayeneranso kuuona.

Kuguga kwa nthaka kumabwera mukamalima mbewu yomweyo pamalo amodzi chaka ndi chaka. Chamba chimadya nayitrojeni wambiri chikamakula, ndipo chikatalikirana mita ndi theka pakati pamatsala dothi lambulanda lomwe mvula yoyamba imakokolola. Kasinthasintha ndi soya, mtedza kapena nandolo, akalozera ndi vetiva pamalo otsetsereka, ndi manyowa owolerana bwino zimathetsa zimenezo. Feteleza wothira mopitirira, makamaka madzi otsika m'mapoto a mu greenhouse, asalowe m'ngalande yopita kudambo. Akumbireni dzenje lobzalidwa nthochi kapena nsenjere kuti zimwe mcherewo.

Mbiri yoipa ya chamba pa chilengedwe kuno kwathu inachokera kwina. Chamba chachikuda chotchuka ndi dzina la Malawi Gold, chomwe lamulo la 2020 silinalole kuti chizisutidwa, chakhala chikulimidwa mobisa m'mapiri a ku Nkhotakota ndi Nkhata Bay. Wolima mobisa amalowa mkati mwa nkhalango, kugwetsa mitengo pamtsetse pafupi ndi kasupe, kutentha, n'kusamuka nthaka ikatha. Ku California minda yobisika yotere inapezekanso ikupha nyama zakutchire ndi mankhwala a makoswe. Munda wa chiphaso, wokhala pamalo olimidwa kale, ulibe chifukwa chochitira chilichonse mwa izi, ndipo zimenezo mukawafotokozere anthu momveka.

Mlangizi_Wakale

Pa zomwe anena a Zachilengedwe ndionjezepo ziwiri zomwe zimaiwalika.

Chamba chimayamwa zitsulo zoopsa za m'nthaka monga cadmium ndi lead, n'chifukwa chake ena amachibzala dala poyeretsa malo oipitsidwa. Kwa inu zikutanthauza kuti nthaka ndi madzi ziyezedwe musanabzale, ndipo musalime pafupi ndi dzala, garaja kapena msewu waukulu. Zitsulozo zimakathera m'duwa, ndipo kompositi ya zothenera za pamalo otere imangozibwezera m'munda.

China ndi poumitsa. Duwa silifuna moto ngati fodya wa flue-cured, choncho palibe chifukwa chogwetsera mtengo ngakhale umodzi wa nkhuni. Limapachikidwa mumdima momwe mukupita mphepo, kutentha kwa madigiri 15 mpaka 21, chinyezi cha 55 mpaka 60 peresenti, kwa masiku 10 mpaka 14, kufikira kanthambi kakamathyoka ndi phokoso m'malo mopindika. Chigafa cha burley chotsegula m'mbali sichiyenera, chimalowetsa fumbi, kuwala ndi chinyezi cha usiku. Pochirikiza nthambi zolemera gwiritsani nsungwi ndi chingwe cha khonje m'malo mwa ukonde wa pulasitiki, womwe umakolana ndi mapesi pokolola ndipo pamapeto pake anthu amangoutentha.

Mlimi_wa_Kasiya

Zikomo kwambiri nonse. Pa mitengo ya pabwalo, ina yayamba kale tiubweya toyera tija. Tiyatse mababu kuti ibwerere, kapena tiisiye?

Mayi_Zambewu

Ngati tiubweyato tili tiwiri tokha pamfundo za m'munsi ndipo nsonga ikutulutsabe masamba, ameneyo wangoonetsa kuti ndi wamkazi. Yatsani mababu usiku womwewo, mudikire masiku asanu, kenako dulani mutu. Ngati nsonga yasanduka kale kampira ka ubweya, isiyeni ipitirize. Kuibweza kumatenga milungu iwiri kapena itatu, imatulutsa masamba opotoka, ndipo ina imasanduka yachimuna. Imeneyo ingoyeretsani kunsi pang'ono, muichirikize, ndipo kuyambira sabata yachinayi ya maluwa muzitumiza zitsanzo ku labotale, chifukwa THC, mankhwala oledzeretsa a m'chamba, imakwera limodzi ndi CBD duwa likamakhwima ndipo mukachedwa kukolola ingachuluke kwambiri.