Makadi a baseball m'thumba la jekete la kaunjika

Wa ku Chilomoni: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Loweruka ndinagula jekete la kaunjika ku msika wa Limbe, ndipo m'thumba lamkati ndinapezamo makadi asanu a osewera baseball, limodzi lolembedwa Mickey Mantle. Kodi ndi chinthu chamtengo, kapena ndingowapatsa ana aziseweretsa?

Wa ku Nyambadwe: Bambo, anawo ayambe adikira. Khadi la Mantle lomwe kampani ya Topps inatulutsa mu 1952 linagulidwa madola 12.6 miliyoni mu 2022, komatu musathamangire kwa akatapila, chifukwa khadi limeneli lasindikizidwanso kambirimbiri. Lenilenilo ndi lokulirapo kusiyana ndi makadi omwe Topps inayamba kupanga mu 1957, choncho lisanjikeni pa anzakewo muone ngati likupitirira m'mbali. Werenganinso timalemba ta kumbuyo, popeza osindikizidwanso ambiri amalembedwa chaka chawo.

Wa ku Chigumula: Ndiwonjezereko kuti ngakhale litakhala lenileni, mtengo umatengera maonekedwe. Kampani younika makadi ya PSA ku America imapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 10, ikuyang'ana ngodya, mikwingwirima ndiponso ngati chithunzi chili pakatikati pa khadi. Chonde musalimate mu pulasitiki ya moto monga timachitira ndi satifiketi; mchimwene wanga anawononga masitampa ake akale motero. Likhale pouma, kutali ndi chinyezi cha dzinja.

Wa ku Chilomoni: Zikomo kwambiri nonse. Ndavala magalasi, ndipo kumbuyo kwalembedwa 1996, ngodya imodzi ndi yopindika. Ndalisungabe mu envulopu.