Sewero la pawailesi: mwamuna ndi mkazi akuitanana ngati alendo, tikonze bwanji?

Mkonzi wa sewero: Anzanga, ndithandizeni. Ndili ndi sewero la pawailesi la magawo 12, lililonse mphindi 15, lomasuliridwa kuchokera m'Chingerezi. Muli bambo ndi mayi achikulire a ana atatu, komanso mnyamata ndi mtsikana omwe ali pachibwenzi. Tajambula gawo loyamba n'kuitana anthu ochepa kuti amvere, ndipo onse akuti anthuwa sakumveka ngati a nyumba imodzi. Mzere umene wawanyansa kwambiri ndi uwu, mayi wa zaka 50 akuuza amuna ake: "Okondedwa wanga, uchi wanga, ine ndakusowa iwe. Kodi inu wadya?" Tijambulanso Lachisanu. Ndiyambire pati?

Mlembi wa masewero: Yambirani pa dzina loitanirana, pakuti ndi limene limakoka zina zonse. Musanakhudze mzere uliwonse, tengani pepala limodzi mulembe munthu aliyense wa m'seweromo ndi mmene amaitanira mnzake akakhala awiriwiri, pakakhala ana kapena apongozi, ndiponso akapsa mtima. Pepalalo likhale patebulo mpaka gawo la 12.

Uchiwo uchoke. M'khutu la womvera, uchi ndi wa njuchi basi. Mayi wa ana atatu amati "bambo a Chikondi", kutchula mwana woyamba, kapena amaitana ndi mfunda: "a Phiri", "a Banda". Bamboyo amati "mayi a Chikondi", "make Chikondi", kapena "Nabanda", "Nambewe", "Nankhoma". Akamauza anthu ena amati "amuna anga", "akazi anga", "akunyumba". Omasulira ambiri amawathawa mainawa poganiza kuti ndi ouma. Si ouma ayi. Bambo akatsitsa mawu n'kunena kuti "Nabanda, tabwerani mukhale apa", womvera amamva zaka zonse zimene awiriwa akhalira limodzi. Banja lotere chikondi chake chimamvekera pa ulemu.

Mphunzitsi wa Chichewa: Ndigwirizane ndi achimwene, koma ngakhale mutachotsa uchiwo mzerewo ukadali wothyoka. "Okondedwa wanga" kulibe. Wokondedwa amachokera ku wa ndi ku, ndi munthu mmodzi: wokondedwa wanga. Okondedwa amachokera ku a ndi ku, ndi ambiri kapena mmodzi wolemekezedwa: okondedwa anga. Chizolowezi chogwetsa w chafala kwambiri m'mauthenga a pafoni (munthu ofunika, mwana okongola), ndipo chimawawa m'maso mwa owerenga ambiri. Fufuzani pakompyuta mawu onse oyamba ndi o- muone ngati dzina lake ndi la mmodzi.

Chachikulu ndi kusakaniza iwe ndi inu m'mpweya umodzi. Mukasankha inu, mneni yense atsatire: mwadya, mwabwera, ndipo pamtherankhani atenge -ni kumapeto: ndakusowani, ndakuonani, ndikuuzeni. "Ndakusowa inu" ndi ulemu watheka. Komanso ine ndi iwe alimo kale m'mneni, mu nd- ndi -ku-. Chingerezi sichingayende popanda mlowam'malo, n'chifukwa chake womasulira amawabweretsa onse. Kwathu timawatchula pokhapokha tikutsindika kapena kusiyanitsa: "Ine ndadikira, iwe uli kuti?"

Womasulira: Za achinyamatawo, musawayeretse kwambiri. Achinyamata amanenadi bebi, swithi, dali, ndipo mukawapatsa "wokondedwa wanga" mzere uliwonse amveka ngati akuwerenga kalata. Pali ena a Chichewa amene amakoma: "wanga", "wapamtima", "duwa langa", "nthiti yanga". Aliyense mumpatse dzina limodzi lake lake, lituluke kamodzi kapena kawiri pachochitika chimodzi. Likapitirira apo omvera amayamba kuliwerenga m'malo motsata nkhani.

Musamale ndi ka-. "Kamtsikana kanga" katha kukhala kusasatitsa, katha kukhalanso kunyoza, ndipo pawailesi palibe nkhope yoti ithandize. Mawu akuti chibwenzi nawonso amakoka agwirizanitsi ake: chibwenzi changa chabwera, osati chibwenzi wanga wabwera. Ngati cha- akumveka ngati mukunena chinthu, sinthani munene kuti bwenzi langa.

Muyang'anenso "ndikukonda". Pofuna kunena chikondi chokhazikika ndi ndimakukonda. Pa zomwe zikuchitika panopa ndi ndikukukonda, ma ku awiri, woyamba wa nthawi, wachiwiri wa munthu. Mukagwetsa mmodzi, wochita sewero sadziwa ngati ku wotsalayo ndi nthawi kapena munthu, ndipo poti zilembo zathu sizionetsa kukwera ndi kutsika kwa mawu, amangolota. Zina zoti musese: "pamapeto a tsiku", "tipange zokambirana" m'malo mwa tikambirane, ndi "kalatayi yalembedwa ndi ine" pomwe munthu angati kalatayi ndalemba ndine.

Mkonzi wa sewero: Zikomo nonse. Nanga mu gawo 7 amakangana, mayi aja n'kunena kuti "Iwe, usandinamize." Ndisinthe akhale inu?

Wotsogolera zisudzo: Musasinthe, akulu. Pamenepo m'pamene iwe amagwira ntchito. Ngati magawo 6 oyambirira mayiwo asunga inu osaphonya, iwe mmodzi yekhayo agunda kuposa kukuwa kulikonse. Koma akatuluka mwangozi mu gawo 2, wa gawo 7 watha mphamvu. Mulembe chizindikiro pambali pa mzerewo kuti wochita sewero asaukonze yekha, ndipo bamboyo akhale chete masekondi awiri asanayankhe. Akayanjana, kubwerera kwa "bambo a Chikondi" n'kokwanira, sipafunikanso mawu opepesa ambirimbiri.

Vuto lina silili papepala, limabadwira mu situdiyo. Ochita sewero amawonjezera okha eti, basi, ndiye kuti, ujeni, mwamva. Mawu amenewa amapatsa zokambirana moyo, koma onse akamanena eti, mawu a anthu anayi amasanduka a munthu mmodzi. Gawani: eti akhale wa mtsikana, basi wa bambo. Poyeserera wina akhale ndi cholembera azichonga, ndipo woposa katatu pachochitika chimodzi abwereze.

Mphunzitsi wa Chichewa: Kalembedwe musakanyozere poti ndi wailesi, wochita sewero amatchula chimene waona. Mukalemba ntima, nkazi, nzanga, atchula chomwecho. Lembani mtima, mkazi, mnzanga. Pa l ndi r, r amabwera pambuyo pa i kapena e mkati mwa tsinde (kulira, kulera, kwambiri), kwina konse ndi l. Tsatirani malamulo a kalembedwe a 1990 a Chichewa Board, bungwe lomwe ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies mu 1996.

Mkonzi wa sewero: Pepala lija ndalemba. Mzere uja tsopano ukuti: "Bambo a Chikondi, mwachedwatu. Ndinakusowani. Mwadya?"

Mlembi wa masewero: Wakhala bwino. Ngati ana ali pomwepo, yesani "tinakusowani". Mayi wotero amabisala kumbuyo kwa ana, koma bamboyo amadziwa amene wanena. Jambulani zonse ziwiri Lachisanu musankhe pomvera.