Ndalama za chaka chino: madesiki kapena ana ozunzidwa ku CDSS?

Mlembi: Mwaswera bwanji abale nonse. Nkhani ya ku CDSS kwathu ija yafika poti tigamule. A hedi apempha madesiki koma amayi a mother group nawo abwera ndi dandaulo lawo, akuti ana a fomu wani akuzunzidwa ndi anzawo akuluakulu makamaka atsikana a self boarding omwe akuchita lendi tizipinda kuseri kwa msika. Zomwe tasonkhazi sizingakwane zonse ziwiri. Tiyankhulepo.

Malume a ku Joni: Madesiki basi. Teasing tonse tinadutsamo, kuchapira a fomu folo, kutungira madzi, tinafa? Desiki munthu umaiona ndi maso, ukapita kumudzi umati iyi ndi ndalama yanga.

Anamwino: Malume pepani koma inu munali ku boarding kwa boarding master ndi mpanda. Awa ali okha. Mwana wa achemwali anga amalandidwa ufa ndi bonya tsiku lomwelo wachokera kunyumba, sopo amachita kubisa mu pilo, usiku anyamata kumagogoda pachitseko chotsekera ndi msomali wopinda. Teremu yachiwiri anakana kubwerera, amangoti mutu mutu, mayi ake kumamukalipira kuti ndi ulesi. Pa desiki yanuyo akhalapo ndani mwana atathawa?

Aphunzitsi opuma: Zoona mayi. Ndipo amene amazunzika kwambiri ndi omwe alibe pothawira, wachialubino amene anzake amamutchula maina mpaka kukakhala kumbuyo pomwe pa bolodi saonapo, mtsikana wobwerera kusukulu atabereka. Boma linalola kuyambira 1993 kuti wobereka azibwerera koma akalowa mkalasi anzake nkumamuimba kuti amayi afika, mawa sabweranso. Lamulo loteteza ana lija la 2010 liliponso, a Victim Support Unit kupolisi aliponso, chosowa ndi munthu wapafupi woti mwana amuuze.

Malume a ku Joni: Nanga si pali nambala yothandiza ana ija, 116 ya bungwe la YONECO, yaulere? Aziimba.

Anamwino: Aimba ndi chani malume, foni kusukulu saloledwa ndipo ambiri alibe nkomwe.

Achemwali a ku Leeds: Ine ndili mbali ya amayi koma ndifunse, ndalamazo zigula chani kwenikweni? Tisangoti counselling counselling kenako zithere ma allowance a semina ndi fanta. Kuno kusukulu ya ana anga kuli munthu mmodzi wodziwika yemwe nkhani zotere zimafikira ndipo mwana aliyense amamudziwa dzina, ndi chimene ndikufuna kwathu.

Mlembi: Amayiwo apempha zochepa: maloko ndi zitseko zolimba pa tizipinda tija, foni imodzi ndi mayunitsi, kabokosi koponyamo madandaulo, ndi kangachepe ka mayi mmodzi woti azigona pafupi ndi atsikanawo ngati matron.

Aphunzitsi opuma: Kabokosiko kiyi wake asakhale ndi mphunzitsi yekha. Ndikunena ngati munthu wa choko, nthawi zina wodandaulidwayo amakhala wa mu staff room momwemo. Maloko awiri, wina kwa amayi wina kwa a PTA, azitsegula limodzi. Ndipo anyamata tisawaiwale, nawo amamenyedwa kungoti sanena, amaopa kutchedwa achikazi.

Malume a ku Joni: Chabwino zitseko ndavomera, za msomalizo zandikhudza, ndilinso ndi ana aakazi ine. Koma matron wolipidwa mwezi ndi mwezi ndikukana, chaka chamawa zopereka zikachepa mudzamuuza chani? Komanso eni nyumba akudya lendi, bwanji zitseko asakonze okha?

Achemwali a ku Leeds: Pamenepo malume mwanena. Eni nyumba aitanidwe kwa amfumu.

Mlembi: Ndiwaimbira amfumu ndi a hedi mawa, tipemphe bwalo Loweruka eni nyumba akhalepo. Za matron sitinagwirizane, amene simunayankhule lembani maganizo anu lisanafike Lachisanu.