A sisita akuluakulu akumandiseka pamaso pa magadiyani, ndipange bwanji?

Admin ndibiseni dzina chonde, pagulu pano pali anthu a ku wodi kwathu.

Ndine namwino, ndinamaliza digiri posachedwapa ndipo anditumiza ku chipatala china kuno kuchigwa cha Shire. Kwathu ndi ku Dedza nde mutha kuona nokha, yunifomu imakhala itanyowa 9 koloko isanakwane. Koma nkhani yanga si kutentha ayi. Mu wodi mwathu muli a sisita awiri akuluakulu, ma NMT (Nurse Midwife Technician, manesi amene alibe digiri), anayamba ntchito ine ndili ku pulayimale. Ntchito amaidziwa apa sindinganame, mwana wa malungo mitsempha itathawa iwo kanula amalowetsa kamodzi kokha uku akucheza. Vuto ndi loti anandipatsa dzina, amanditchula "a Digiri". Poyamba ndinkaseka nawo koma pano akumanena pamaso pa magadiyani, tsiku lina kunabwera mayi ndi mwana wotsegula m'mimba iwo amvekere "mayi khalani pansi musadandaule, akubwera a Digiri, zaka 4 anali ku yunivesite kuphunzira kupachika dilipi", wodi yonse kuseka, ine ndikufika pa bedi mayi uja wabisa dzanja la mwana mu chitenje akuti adikira a sisita aakulu aja. Magadiyani amauzana zinthu kophikira kuja, pano ena akandiona pa geti amangoti a Digiri mwadzuka bwanji.

China, pa naiti tinataya gogo wina cha m'ma 2 koloko usiku. Thupi litapita ku mochale a sisita aja analowa mu duty room nkuyamba kuseka mpaka misozi za gadiyani wina yemwe anagwa pa benchi ali mtulo. Ine mtima unali udakali pa gogo uja. Kodi ntchitoyi imaumitsa mtima chonchi? Ndikadandaule kwa a matron kapena ndizingopirira? Sindikufuna andione ngati wodzimva.

NDEMANGA

Namwino wopuma wa ku Ngabu: Mwana wanga, kuseka kwa mu duty room kuja usawaweruze nako. Munthu amene watseka maso a anthu ambirimbiri akapanda kusekako amadwala yekha. Taona bwino, gogoyo sanamuseke, anaseka za benchi, komanso anadikira achibale achoke. Patangopita mphindi zochepa amayenera kutuluka kukazungulira mabedi ena onse aja ndi mankhwala, nkhope ili yoti wodwala asachite mantha. Iwenso udzaseka tsiku lina ndipo udzadabwa. Koma za pamaso pa gadiyani zija ayi, alakwitsa. Mayi akabisa dzanja la mwana wotsegula m'mimba amene akuvutika si iwe, ndi mwanayo, madzi akutha m'thupi mphindi iliyonse imene mukudikirana. Sankha mmodzi amene ukumuona wofatsako, muli awiri, umuuze kuti a sisita dzinali muno mkati ndilibe nalo vuto koma panja azimayi akukana kuti ndigwire ana awo. Kenako umupemphe akuonetse mmene amapezera mtsempha wa mwana. Akayamba kukuphunzitsa sangakunyozenso pagulu, poti akhala akunyoza ntchito yake yomwe.

Bambo wa ku Nchalo: kkkkk pepani a Digiri koma dzinalo ndi laulemu. Ine nditangoyamba ntchito kuno ananditcha Nzimbe chifukwa choonda, pano ndanenepa koma mpaka apongozi amandiitana choncho.

Membala wosadziwika: Tiyeni tinene zoona ife ma NMT. Tinaphunzira zaka 3, tagwira ntchito zaka zambirimbiri kumidzi kopanda magetsi, kubereketsa ndi tochi ya foni, kupita ku upgrading kudikira mpaka imvi, nde kukubwera mwana wa digiri giredi yake yapamwamba ndipo mawa lino akhala incharge wathu, mkulu wa wodi, chonsecho ndife tikumuonetsa pomwe pamakhala magolovesi. Kuseka kwinaku kumakhala kupweteka kwa mtima asisi. Sindikuti akuchita bwino ayi. Koma inunso dzifunseni, mukamawakonza pa handover mumanena bwanji? Ena mumabwera ndi "ku sukulu anatiphunzitsa kuti" pa chilichonse.

Wofunsa: Sindinawakonzepo pagulu mayi, ndikaona china chosiyana ndimangofunsa. Koma zimene mwanenazi sindinaziganizirepo.

Nesi wa ku Nsanje: Ine ndinayamba ntchito nthawi ya kolera, kenako March 2023 namondwe Freddy nkutipeza. Misewu itaduka, ku Makhanga kofikika pa boti kapena ndege basi, ife mu tenti kutentha kwake kosaneneka, fungo la klorini mpaka mu nsima, tikupachika madilipi a Ringer's usiku wonse. A sisita amene ankandiseka kwambiri kuti ndimayenda ngati mkwatibwi mu magambuti ndi omwewo anandiona manja akunjenjemera nkunditulutsa panja, kundipatsa madzi, iwo nkutenga mabedi anga. Nde ine muyezo wanga ndi uwu, zinthu zikavuta amabwera kudzakuthandizani kapena amakusiyani nokha kuti aseke bwino? Ngati amabwera, amenewo ndi anu, ingokonzani za pamaso pa odwalazo. Ngati amakusiyani imeneyo ndi nkhanza ndipo musaisekerere.

Membala wina: Kanene basi! Ku Nurses Council kuli malamulo, anthu azolowera kuzunza ana a eni ake.

Nesi wa ku Nsanje: Achimwene ku Council sitipita ndi nkhani ya dzina. Ayambe ndi eni akewo, zikakanika incharge, kenako matron. Akadumpha onsewa adzangopeza dzina lake pa rosita ya naiti ndi weekend zokhazokha, ndipo palibe amene adzamuuze chifukwa.

Mayi wa ku Bangula: Ine si nesi koma ndagonapo pansi m'wodi ya ana ngati gadiyani. Ife timamva chilichonse chimene manesi mukuyankhulana ndipo wamkulu akanena timakhulupirira, sitidziwa kuti ndi nthabwala. Nde a sisitawo auzidwe ndithu. Komanso mwanawe phunzira Chisena pang'ono, ngakhale moni ndi kufunsa pomwe pakupweteka. Mayi wa kumudzi kuno akamva ukuyesa chiyankhulo chake aseka kaye koma dzanja la mwana akupatsa.

Wofunsa: Zikomo nonse. Kunena zoona akaona zandivuta amabwera, makamaka mmodziyo, amangoti sunthani a Digiri ndione. Ndiye ndiyamba ndi iyeyo, Lachinayi tili limodzi pa naiti. Ndiyankhule tisanayambe kapena m'mawa titapereka handover?

Namwino wopuma wa ku Ngabu: M'mawa ayi, munthu wochoka pa naiti samva kanthu, amangoganiza za bedi lake. Dikira cha m'ma 11 mukamaliza kupereka mankhwala wodi itazizira. Ndipo usapite chimanjamanja, ugule mandasi ndi madzi ozizira a m'botolo.