Chithunzi cha Napolo chatipanikiza pa gemu yathu, tithandizeni

Wolemba wa ku Ndirande:
Achimwene ndi achemwali m'gulu muno, gemu yathu ija yatithina ndipo tikufuna maso anu. Kwa amene simunaione, ndi visual novel (gemu yowerenga nkhani pa zithunzi, ukudina kuti ipitirire) ya akuluakulu, a zaka 18 kupita m'tsogolo, ndipo tikuipanga pa Ren'Py, pulogalamu yopangira magemu a mtundu umenewu. Nkhani yake ndi ya Nachisale, mayi wamasiye wokhala m'tsinde mwa phiri, amene mwamuna wake anapita ndi madzi koma usiku amamumvabe akuitana kumtunda. Muli maliro, muli sing'anga, muli chikondi cha iye ndi mlamu wake chimene abale akuchikana. Pachimake ndi usiku umene Napolo akutsika.

Mnzathu wojambula anachita mbali yake mwaluso: chinjoka cha mamba onyezimira, maso ofiira, chikung'amba phiri. Koma amene tinawapatsa kuti ayesere akumangodina n'kupitirira, osagwidwa mtima. Mmodzi wa ku Chilobwe anatiuza mosapsatira kuti ameneyu si Napolo. Chinanso, pa foni nkhope za anthu athu usiku sizikuoneka, kumangotsala maso ndi mano. Ndalama yatsala ndi ya zithunzi zazikulu ziwiri zokha. Tijambulenso njokayo, kapena titani?

Wojambula wa ku Zingwangwa:
Amwene, ndiyambe ndi nkhope. Usiku umenewu mwaupanga bwanji, mwajambula kapena mwangodetsa ma sprite (zithunzi za anthu a m'gemu) a masana ndi TintMatrix, chida cha mu Ren'Py chosinthira mtundu wa chithunzi?

Wolemba wa ku Ndirande:
TintMatrix, achemwali. Buluu wodera, pa munthu yense.

Wojambula wa ku Zingwangwa:
Nayo nthenda yake. Njira imeneyo imachepetsa kuwala pa utoto uliwonse nthawi imodzi. Pa khungu loyera pamakhala potsala, n'chifukwa chake amene amaphunzitsa pa YouTube zimawayendera. Khungu la Nachisale ndi lakuda kale, ndiye mukalidetsanso mphuno, masaya ndi milomo zimasanduka mdima umodzi. Munthu wathu usiku timamuona ndi kuwala kumene kwagunda pakhungu. Sankhani kaye chimene chikuunika m'nyumbamo. Magetsi azima, ndiye ndi koloboyi, kandulo kapena tochi ya foni. Mukasankha, wojambula wanu atsegule pulogalamu yojambulira ya Krita, aike layer yapadera pamwamba pa chithunzicho, apake kuwalako pachipumi, pamwamba pa masaya, pamsonga ya mphuno ndi pamlomo wam'munsi. Koloboyi akhale wofiirira mbali imodzi, ndipo mbali inayo kamzere kopyapyala ka buluu m'mphepete mwa khosi ndi phewa kuti munthu alekane ndi khoma. Kumbuyoko detsani mmene mungafunire, koma munthu ayi. Mukatha, chotsani mitundu yonse chithunzi chikhale chotuwa. Nkhope ikamawerengekabe, ndiye kuti zatheka.

Wa kodi wa ku Chitawira:
Ndiwonjezere pa zimene achemwali anenazi. Simukufunika kujambulanso sprite iliyonse. Kuyambira Ren'Py 7 muli layeredimage. Thupi, maso, kamwa ndi kuwala zimakhala zidutswa zosiyana, ndiye mungolemba show nachisale mantha koloboyi, zonse n'kusanjikizana zokha. Chidutswa chimodzi cha kuwala chikhoza kugwira pa nkhope zingapo bola mutu usatembenuke. Zithunzi musunge mu WebP, gemu ipepuke, anthu athu amawerengera bandulo asanatsitse. Ndipo musaweruze pa laputopu ayi. Ikani pa itel kapena Tecno yotchipa, kuwala kwa sikirini mutsitse mmene anthu amachitira posunga batire.

Mkonzi wa mabuku wa ku Namiwawa:
Ana anga, za makinazo ndasiyira inu. Ine ndilankhule za njokayo, chifukwa mnyamata wa ku Chilobweyo wakupatsani mphatso yaikulu. Musamujambulenso Napolo. Musamujambule n'komwe.

Taganizani mmene dzinali limamvekera kwathu kuno. Ku Zomba mu 1946 madzi ndi miyala zitatsika m'phiri, anthu anati wadutsa Napolo. Ku Phalombe mu March 1991, phiri la Michesi litagumuka, anateronso. Mu March 2023 namondwe wa Freddy atakokolola nyumba m'munsi mwa Soche, dzina lomwelo linabwerera pakamwa pa anthu. Akuluakulu amati ndi njoka yokhala pansi pa phiri imene ikafuna kusamuka imadzitsegulira njira. Koma mverani bwino opulumuka akamafotokoza. Amanena za mkokomo, ngati malole ambiri odzaza miyala akutsetsereka opanda mabuleki. Amanena za nthaka kunjenjemera, fungo la dothi, ndi m'mawa mwake, chimwala chitakhala pomwe panali khitchini. Mamba ndi maso ofiira sizimatuluka m'kamwa mwawo. Wosewera wa kuno ali naye kale Napolo wake m'mutu, ndipo ndi wamkulu kuposa amene angakwane pa sikirini ya foni. Mukamuonetsa chinjoka, mwamuuza kuti iyi ndi nthano ya kutali, mantha aja n'kutha.

Ndawerenganso mawu amene munanditumizira a chigawo chimenechi. Mukulemba kuti "njoka yoopsa inatuluka m'phiri" pomwe chithunzi chikuonetsa zomwezo. Mawu ndi chithunzi zikamanena chinthu chimodzi, chala chimadina msanga. Chithunzi chionetse chipinda, mawu anene zimene diso silingaone: kuti agalu a m'dera lonse asiya kuuwa, kuti Nachisale wamva dzina lake la pa utsikana, limene ankamuitana nalo ndi malemu okha.

Wotsatsa malonda wa ku Limbe:
Mayi, ndikulemekeza maganizo anu, koma ndikane pang'ono. Gemuyi ikaikidwa pa itch.io, tsamba la pa intaneti logulitsirapo magemu, idzakhala pakati pa anzake ambirimbiri, ndipo wogula wakunja amasankha ndi kachithunzi kapachikuto. Fantasy yopanda chilombo ndani aidine? Komanso chithunzicho chinalipiridwa kale.

Mkonzi wa mabuku wa ku Namiwawa:
Funso lako ndi loona, mwana wanga, sindikulipeputsa. Koma chinjoka cha maso ofiira wakunjayo anachiona kale kambirimbiri, chojambulidwa ndi makampani a ndalama zawo. Chimene sanaonepo ndi mayi wa chitenje atanyamula koloboyi pakhomo, kumbuyo kwake phiri lili ndi chipsera chofiira kuchokera pamwamba mpaka m'nyumba za anthu. Chimenecho nchathu.

Wojambula wa gemuyi:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Njokayo ndinaivutikira, koma zimene mayi akunenazi ndikuzimva m'thupi, ineyo ndinakulira moyang'anana ndi Soche. Ndili ndi ganizo kuti isatayike. M'chigawo chachiwiri muli mwana wa Nachisale amene amajambula m'kope la kusukulu. Ndiichepetse njokayo ikhale ya pensulo, yopindika mizere, ngati yojambula mwanayo atamva nthano kwa agogo ake. Wosewera aione pamenepo masana, amwetulire. Usiku uja ukafika, aikumbukire yekha.

Wa zomveka wa ku Bangwe:
Eya, pamenepo ndiye mwandipatsa ntchito ine. Koma chenjezo, akuluakulu: sipika ya foni siitulutsa mkokomo wapansi. Mukaika kugunda kokhakokha, pa mahedifoni kumveka, pa foni zii. Pamwamba pake tisanjike zomveka zimene sipika ya foni imatha kutulutsa: miyala ikugundana, malata akung'ambika, mbale zikugwedera pa shelefu. Ndikajambula ndekha phokoso la mvula pa denga la malata ndi la miyala ya mumtsinje wa Mudi. Ndipo tisanafike pa mkokomo, mvula ija tiidule mwadzidzidzi kwa kamphindi. Khutu likazolowera phokoso, kudukako kumaimitsa mtima.

Wa kodi wa ku Chitawira:
Ku mbali yanga n'zosavuta. Mvula ikhale pa channel yakeyake kuti tiidule osakhudza zina. Ndiika window hide, bokosi la mawu lichoke, pause pang'ono, kenako vpunch sikirini igwedezeke, koloboyi azime, scene black. Pa Android muli renpy.vibrate, foni inthunthumire m'manja nthawi yomweyo. Zithandiza amene amasewera m'minibasi atatseka mawu. Koma kugwedezaku kukhale pamalo amodzi okhawa m'gemu yonse.

Mkonzi wa mabuku wa ku Namiwawa:
Chimodzi ndisaiwale. Ena amene adzasewere anaika abale awo m'manda chifukwa cha Freddy, ena sanawapeze n'komwe. Kulemba kuti 18 pachiyambi sikukwanira. Nenani poyera kuti muli madzi osefukira ndi imfa, ndipo pakhale njira yodumphira chigawocho nkhani osasokonekera. Phiri la m'gemu musalitchule Soche, mulipatse dzina lanulanu. Mitembo m'matope musajambule.

Wolemba wa ku Ndirande:
Zikomo mayi, zikomo nonse. Zithunzi ziwiri zija tagawa chonchi: choyamba ndi nkhope ya Nachisale pafupi, koloboyi ali m'munsi mwa chibwano, akumvetsera. Chachiwiri ndi m'mawa, chipsera cha phiri ndi chimwala pabwalo, ndipo chomwecho chikhala chikuto. Chigawo cha iye ndi mlamu wake chikhala pa ma sprite a kuwala kwatsopanoku, chitseko n'kutsekeka. Mawu a usikuwo ndikuwalembanso, ndichotsa paliponse pamene ndatchula njoka. Achemwali a ku Zingwangwa, mnzathu akutumizirani layer yoyamba muione asanapitirize. Amene muli ndi itel kapena Tecno yakale, bwerani nayo Loweruka ku Ginnery Corner tiyesere limodzi.

Wojambula wa ku Zingwangwa:
Atumize ya PNG, osati kudzera pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, imafinya mdima wonse n'kuuononga. Aitumize ngati document.